Tsiku Limene Ndinakumbatira Thumba la Feteleza

"Ehee mphwanga, za ndege funsa ife!" Amatero amalume anga a Mwale, mimba patsogolo, phewa limodzi m'mwamba, phazi akuliponya ngati akupondereza fodya m'belo. Bambo amenewa anandichititsa manyazi oti mpaka lero ana a pa Lisasadzi amandiloza. Khalani pansi mumve.

Akazi anga, mayi a Chisomo, anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba. Dzinja linabwera n'kupita, linanso n'kubwera. Bedi linakula ngati munda wa pa esiteti! Ndege ikamadutsa ndinkasiya khasu, n'kuiyang'ana mpaka khosi kuuma.

Kenako foni: abwana awo awagulira tikiti ya ndege, anyamuka Lachisanu m'mawa.

"Mudzandichingamire pa eyapoti ku Lilongwe, bambo a Chisomo. Ndikatsika ndidzaone nkhope yanu."

Ndinathamangira kwa amalume, poti iwo Joni anapitako.

"Amalume, ndege imayenda nthawi yaitali bwanji?"

"Basi imagona panjira kawiri. Ndege ili ndi sipidi, inde, koma maboda? Itere ku Zimbabwe, adinde mapasipoti. Itere ku Mozambiki, asechedwe. Dalaivala naye adye, agone. Iwe ukafike Lamulungu."

Zinamveka za nzeru. Lachisanulo ndinalawirira pa mzere wa makuponi, ndinabwerako ndi thumba langa la feteleza pa njinga. Madzulo amalume akuti, "Pa eyapoti sapatsana moni wogwira chigongono, uchititsa manyazi mtundu. Pamafunika hagi. Tiye pulakatisi!"

Tinaimika thumba lija pafupi ndi chigafa, n'kulimanga chitenje cha mayi a Chisomo, duku pamwamba.

"Thamanga! Manja tambasula! Nena dalingi!"

Ndinathamanga. Ndinakumbatira. Abale, chitenje chija chinali chikadali ndi kafungo ka mafuta awo odzola. Pulakatisi ndinaiwala. Ndinatsinzina, misozi chuchuchu, ndikuliuza thumba kuti usadzapitenso, ngakhale mbuzi zakusowa.

Ngiri-ngiri! Belu la kabaza.

"Bambo a Chisomo!"

Kutsegula maso, mayi a Chisomo eni ake, sutikesi pamiyendo, fumbi mpaka m'nsidze. Kumbuyo kwao ana a mudzi wonse.

"Ine ndaima pa eyapoti mpaka apolisi kundimvera chisoni, inu muli pano ndi mkazi wina? Ndiye mwamuveka chitenje changa?"

"Ndi yuriya uyu, mayi! Inu si mumafika Lamulungu?"

"Lamulungu lanji? Maola awiri ndi kakusefukira basi! Tiyi wa ku Joni ndamwa lero lomwe m'mawa!"

"Nanga pa boda ya Zimbabwe simunatere?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amalume. Amalume mimba ija inaphwa, phewa linatsika.

"Apongozi, tisanamizane," anatero ndi mawu a mwanapiye. "Ine ku Joni ndinapita pa lole, pansi pa tenti. Ndege ndimangoiona ngati mmene amaionera mphwangayu."

Za m'mwamba osafunsa munthu amene anayenda atafunditsidwa tenti.