Chiperoni cha a Namakhwa

Chidziwitsocho anachimata pafupi ndi lifiti, chili ndi zidindo ziwiri. Chinati potsatira malamulo atsopano osamalira antchito, komiti ya kampani yakhala pansi ndipo yapeza kuti mpweya wa m'nyumba ya alonda ku Al Mirqab, kudziko lachipululu komwe anapita kukagwira ntchito, ndi wouma. Choncho m'nyumba monse muikidwa makina othira chinyezi, posachedwa.

Issa anawerenga n'kumwetulira. Komitiyo sinapeze kanthu. Inangotopa ndi kudandaula kwa a Stafford Namakhwa.

A Namakhwa, mlonda wa ku Thyolo amene ankagona chipinda chimodzi ndi Issa, ankakhulupirira kuti mpweya wabwino uyenera kuoneka ndi maso. Wosaonekawu ankaukayikira. Januwale akafika, milomo ikayamba kung'ambika, chitseko n'kumakugwira shoko, iwo ankaviika matawulo onse n'kuwayanika pamabedi. Ketulo ankaiwiritsa osati chifukwa cha tiyi, koma kuti aikepo nkhope. Ku The Pearl, komwe ankalondera, ankaima pafupi ndi timipopi tothirira kapinga, n'kumabwera ndi buluku lonyowa ndiponso mtima wokhazikika.

"Achimwene, nyanja ili apa," ankatero Issa. "Dikirani Ogasiti, chinyezi mudzachikana nokha."

"Limenelo ndi thukuta, Issa. Ine ndikunena chiperoni, nkhungu yotsika m'phiri, yoti mbuzi ukuimva koma osaiona. Iwe wa ku Mangochi ungadziwe chiyani? Unabadwira mu uvuni."

Kenako kunabwera COVID. Ndege zinaima, tchuthi cha a Namakhwa chinaimanso. Chikwama anali atamanga kale, chitenje cha akazi awo a Eveless chili pamwamba. Sanachimasule. Anayamba kutsokomola kachifuwa kouma, ndipo za komiti anasiya kunena. Ankangoti, "Ndikanangopuma wa kwathu, m'mawa umodzi wokha."

Makina anafika ndithu. Amene sanafike ndi wodzawaika, chifukwa kampani yomweyo inaletsa alendo kulowa. Alonda akamuimbira foni supavaiza, iye ankati, "Inshallah, mawa." Bokosi linakhala mukolido mpaka linasanduka tebulo la bawo.

Lachisanu lina a Namakhwa anaitana Benard, wa ku Chipata, amene anagwirapo ntchito ya mapaipi. Benard analumikiza paipi ya madzi, n'kulowetsa kukamwa kwa makinawo mumpita wa mphepo yozizira ya AC womwe umadutsa m'zipinda zonse.

"Akulu, kotembenuza aka kazikhala pakati," anatero Benard. "Kabuku kakutero."

"Analemba kabukuko anafikako ku Thyolo?"

"Sindikhulupirira."

"Ndiye tembenuza mpaka kathe."

Kutacha, Issa anatsegula maso n'kupeza kuti denga kulibe. Bedi la mnzake kulibe. Anatambasula dzanja, zala n'kusowa. Mukolido anthu ankayenda mopapasa, akupatsana moni osadziwa kuti akulonjera ndani. Mayunifomu anali atalemera, mchere utagwirana m'botolo. Mnyamata wina wa ku Nepal anaima chilili pakhomo, akulira mwakachetechete. Nayenso kwawo n'kumapiri.

A Namakhwa anawapeza pamasitepe, atavala juzi, kapu ya tiyi m'manja. Sankatsokomola. Ankakoka mpweya pang'onopang'ono ngati munthu amene akumwa thobwa la kwa apongozi.

"Khala pansi, Issa. Usaponde tiyi. Mizere yayambira apo."

Issa anakhala.

"Ukuwamva amayi othyola tiyi aja? Uyo wa ambulera yofiira ndi Eveless. Wachedwa, monga mwa masiku onse."

Issa anayang'ana komwe ankalozako. Kunali kanyali kofiira ka chozimira moto. Koma anayang'anitsitsa, ndipo mpaka lero amalumbira kuti kankayenda.

"Khalas, basi," anatero a Namakhwa. "Ndafika."

Belu la moto litalira, supavaiza uja anafika tsiku lomwelo, zimene zinadabwitsa anthu kuposa nkhungu. Anazimitsa makinawo, magalasi ake ali mbuu, n'kulonjeza kafukufuku.

A Namakhwa anamwalira m'chipatala nyengo yotentha isanafike. Chitenje chija Issa anachitumiza ku Thyolo ndege zitayambiranso kuuluka.

M'nyumbamo tsopano zonse zimaoneka bwinobwino: makoma, mabedi, tsiku lotha kontirakiti. Ketulo imawira n'kuzima popanda woiweramira. Januwale akafika, Issa, mwana wa mu uvuni, amaviika tawulo n'kuliyanika pabedi lopanda munthu, ndipo wina akamufunsa amati likungouma.

Kampani inamata chidziwitso china, cha zidindo zitatu. Chinati makinawo akonzedwa mwaukatswiri, ayatsidwanso posachedwa, ndipo aikapo dzina la malemu.

Makinawo akadali mukolido. Alonda amayanikapo masokosi, chifukwa ndi malo ouma kuposa onse m'nyumbamo.