A Kumwezi ndi Chigwiriro Chopanda Lupanga

Mu msewu mwathu aliyense ali ndi misala yake, koma ya malemu a Kumwezi inali yapayokha. Bambo aja, pulambala wa luso lake, anathera ukalamba wawo akupanga chigwiriro cha lupanga lomwe kulibe. Analiona mu filimu ya nkhondo za mumlengalenga: munthu akadina batani, pachigwiriro pamatuluka kuwala kodula chitsulo ngati papaya. Ena akaonera filimu amangocheza nkuiwala. Iwo anafikira kukhitchini nkumasula paipi ya pansi pa sinki. Dzina la Kumwezi linayambira pomwepo.

"Nanga lupangalo lili kuti, bambo?" anafunsa wometa tsitsi, amene pakamwa pake sipauma.

"Limenelo ndi la asayansi," anayankha osatukula mutu. "Ine mbali yanga ndikuchita. Akuchedwa ndi iwowo."

Vuto linali loti zipangizo zonse zinkachokera m'nyumba. Tochi inasowa thunthu, wailesi inasowa batani, ambulera inayamba kukana kutseguka. Ukapita kukacheza utavala wotchi, umayenera kuiphimba ndi dzanja linalo, chifukwa ankakupatsa moni maso ali pamkono. Akazi awo, mayi aukhondo wochititsa mantha, amene ankakolopa ngakhale pamene waponda mlendo asanatsanzike, anachida chinthucho ndi mtima wonse. Ankachitchula kuti mkazi mnzawo.

"Ine ndili pamitala ndi paipi," ankatero. "Lero musankhe, bambo: ine kapena iyeyo."

"Amayi, inu ndinu wamkulu. Uyu ndi wongothandizira."

Ife tinkaseka, koma m'nyumbamo sinali nkhani yoseketsa. Anthu okalambira limodzi anafika podya chofulatirana.

Tsiku lina wapampando wa dera lathu anamva kuti kwa a Kumwezi kuli bomba. Anabwera ndi tayi ndi anthu omuombera m'manja. Atamva kuti ndi lupanga la m'tsogolo, mantha anathera pomwepo, napempha kuti amujambule atalinyamula.

"Gwirani, bwana, chikukukhalani," anatero a Kumwezi. "Ine ndi inu ntchito yathu ndi imodzi. Mpopi munatsegulira ndi riboni uja mpaka lero sunadonthepo."

Oombera m'manja aja, posadziwa kuti bwana wawo walasidwa, anaomba ndithu.

Chigwiriro chitatha, chikunyezimira bwinobwino, tinati basi, banja lapulumuka. Kumeneko ndiye kunali kuyamba. A Kumwezi anati chida chowala chotero ndi cha msilikali wamantha amene sanaonepo nkhondo. Anayamba kuchikalambitsa dala. Ankachikanda ndi sandipepa, kuchigogoda pakona ya sitepe, kuchithira mwaye ndi polishi wa nsapato m'mizere, nkupukuta pang'ono pokha pogwira zala. Chipsera chilichonse chinali ndi mbiri yake.

"Apa ndi pomwe adani anandithira nkhondo kuseri kwa nyenyezi. Apa ndinagwa nacho pachombo."

"Chombo chiti, inu munthu woopa ndi njinga yomwe?" anakuwa amayi ali kukhitchini.

Kenako bambo aja anadwala chifuwa nagonekedwa m'chipatala. Msewu unangoti zii. Amayi pochokera kowazonda anapeza mkazi mnzawo ali pashelefu, wakuda bii, ngati mwana wamasiye. Mtima unawapweteka. Anaganiza zothetsa udani, ndipo iwo chikondi ankachidziwa m'njira imodzi yokha. Anatenga sopo ndi waya wotsukira mapoto, nakhala pakhonde. Ine ndinawaona ndi maso angawa, koma ndinkayesa akukwecha mpopi. Anakwecha mpaka nkhondo zonse za a Kumwezi zinapita ndi madzi a m'beseni.

Tsiku lotuluka m'chipatala ndinawathandiza kukwera sitepe. Amayi anabwera ndi chigwiriro chija chili pansalu yoyera, akumwetulira mwamanyazi ngati mtsikana.

"Ndamusambitsa mnzangayu. Musamati ndilibe mtima."

A Kumwezi anachitembenuza uku ndi uku, kufunafuna chipsera ngakhale chimodzi. Kenako anayang'ana manja a akazi awo, otupa ndi ochekekachekeka ndi waya uja.

"Amayi," anatero, "chikhalire sichinakongolepo chonchi."

Bodza limenelo ndi lomwe ndimawakumbukira nalo, ndipo ndikanakhala woweruza ndikanalipatsa mendulo. Koma wometa tsitsi, pakamwa pake paja, anakaululira amayi kuti anachotsa zomwe amuna awo ankazikondetsetsa pachigwiriropo. Amayi analira tsiku lonse. Kutacha anatulutsa okha polishi wa nsapato, nakhala pafupi ndi amuna awo.

"Ndionetseni pomwe anakuthirani paja."

Miyezi yotsatira tinkawaona pakhonde awiriwiri, wina akugogoda, wina akudetsa, uku akukangana ngati nkhondo ya kuseri kwa nyenyezi inali kumanja kapena kumanzere. Atafika pakati penipeni pa chigwirirocho, chifuwa chija chinabwereranso, ndipo ulendo uno sichinawabweze.

Masiku ano mu msewu mwathu palibe chimasowa, ndipo palibenso chochezera. Timangopatsana moni nkudutsana. Ndimawasowa bambo aja, sindibisa.

Posachedwapa ndinapita kukawaona amayi. Chigwiriro chili pashelefu, theka lakuda, theka lowala, fumbi litachikuta. Mpongozi wawo, pofuna kuthandiza, anatenga kansalu kuti achipukute. Mayi aja anadzuka pampando mwa liwiro lomwe sindinkadziwa kuti akadali nalo, namugwira dzanja.

"Pukuta pena paliponse, mwanawe. Apo ndi pankhondo, sanamalize."