Chule wa m'jekete ya kaunjika

Mpaka lero kuchikamwini kwanga ku Malingunde sandilola kutunga ndekha madzi akumwa, ndipo sindiwadandaula.

Matipate atangoyamba kumene, ndinagula jekete ya kaunjika pamsika wa Mitundu. M'thumba mwake ndinapezamo kapaketi ka tinthu tofewa tapulasitiki: nyongolotsi ya mchira wopiringizika, kansomba konyezimira ndi chule wobiriwira. Pakapaketipo panali chithunzi cha mzungu atanyamula chinsomba cha mano, chotalika ngati mwendo wanga. Ndinazindikira msanga kuti ndi nyambo. (Mutu wanga umagwira ntchito, vuto ndi kumene umakathera.)

Ndinauza mkazi wanga kuti zokumba nyongolotsi ndasiya, zimenezo zinali za chipani chimodzi, tsopano nsomba nazo zizisankha. Koma kusankhako kunayamba kuvuta ineyo. Ndinaganiza zoyesa kuti ndione nyambo yodziwa kusambira, ndipo madzi amene anali pafupi anali a mumtsuko wakumwa. Nyongolotsi inamira. Kansomba kanagona chammbali ngati kakudwala malungo. Chule anayandama mwaulemu wake, ndipo ndili mkati momusirira, anzanga anandiitana kubawo. Ndinatola ziwiri zija, iye n'kumuiwala.

Apongozi aakazi pochokera kudimba anatunga madzi, chule n'kulowa m'chikho. Pobwera ndinapeza anthu atazungulira mbale, chule ali phee pakati, atamuthira mchere. Sanafe, sanathawenso. Amalume a mkazi wanga ananena kuti chule wosaopa mchere ndi wokhwimira, ndipo ngati sindifotokoza bwino ndizipita kwathu ku Nathenje tsiku lomwelo.

Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa mkazi wanga ndimamukonda. Ndinalumbira kuti ndi nyambo, ndipo ndinatenga banja lonse kupita nalo kudamu kuti akaone okha. Ndinaponya chule, zii. Nyongolotsi, zii. Kansomba kanakodwa m'bango n'kutsala komweko. Pambali panga mlamu wanga ankangovuula matemba ndi nyongolotsi zake zokumba (zija za chipani chimodzi), osandiyang'ana n'komwe.

Dzuwa litapendeka apongozi anayankhula, nkhope atalozetsa kumbali.

"Bambo, nsomba zamukana chule wanuyu. Nanga mumtsuko muja mumawedza ndani?"

Ukwati unapulumuka, koma tambala wanga anapita pachipepeso. Akuti phunziro lake ndi kulemekeza madzi a eni. Ine pansi pamtima ndimati ndinangolakwitsa kusankha: ndikanaiwala kansomba mumtsukomo, bwenzi apongozi atati ndi madalitso.