Nyimbo Imene Ndinaisiya Pansi pa Shire

Amene akuti ndine wabodza atsike pa njinga yakeyo adzanene pano, pamaso panga, osati kumanong'onezana kuseri kwa kaliyala. Iwe wa chipewa chofiira, ndakuona. Ukuseka chifuwa changachi chifukwa chikulira ngati pampu yotha mphira? Seka, mwana wanga, koma udziwe kuti chifuwa chomwechi chinasungapo mpweya umodzi pansi pa Shire kuyambira mango ali maluwa mpaka anapsa, ndipo Mulungu amene akutiona pa siteshoni ya Nkaya pano andikanthe ngati ndawonjezerapo ngakhale kadontho.

Ndikudziwa kuti Esinati, mwana wanga uja, anakuzungulirani nonse a kabaza mmodzimmodzi, kuti aliyense wondikweza kupita nane kumtsinje adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Ndikudziwa. Koma sitima yachedwa, okwera kulibe, ndiye khalani pansi mumve chimene ndikufuna ku Liwonde. Ndikamaliza, mmodzi wa inu andipatse kaliyala.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ya njanji, sabata yonse kusenza zitsulo padzuwa mpaka msana kusupuka, koma Lamulungu likafika, Misa ikangotha, ine ulendo kumtsinje. Sindinali msodzi, iyayi, musandinyoze. Msodzi amaponya ukonde n'kumadikira mwayi. Ine ndinkapita kwawo kwenikweni kwa nsomba, pansi, kukaonana nazo maso ndi maso, n'kusankhapo imodzi yokha. Sindinagulitsepo ngakhale mutu wa chambo. Mkondo ndinasula ndekha ndi chitsulo cha bedi lakale, n'kumangirira mphira ya chubu ngati legeni, ndipo magalasi anali matako a mabotolo awiri. Anthu a m'mbali mwa mtsinje analeka kunditchula dzina la ubatizo, ankangoti Katumbu. Inu simudziwa mmene kulili kumeneko. Phokoso lonse la dziko limatsala pamwamba, kapitawo wa njanji ndi kulalata kwake amatsala pamwamba, thupi limapepuka, dzuwa limatsika lobiriwira n'kumagwedezeka pamchenga, ndipo mtima umagunda pang'onopang'ono ngati wa munthu wopanda mlandu. Ndimakusowa kumeneko, anyamata, ndimakusowa koopsa.

Tsono kutsika kunali ndi lamulo lake. Wotsika ankamanga chingwe m'chiuno, mnzake n'kukhala m'bwato atagwira nsonga inayo, n'kumaimba. Wotchi tinalibe, nyimbo ndiyo inali wotchi. Nyimbo ikatha, wa m'bwato akoke, kaya wapha kaya sunaphe. Koma kuvuuka wekha nyimbo isanathe, amenewo anali manyazi oti sukanaponda nawonso padoko, ana ankakutsatira n'kumalira ngati achule. Wachingwe wanga anali Yusufu, mnzanga wa pamtima, mawu ake ngati mbuzi yokodwa pampanda, koma nyimbo yake inali yaifupi bwino, ndipo tinkamvana.

Tsiku limenelo Yusufu dzino linam'gwira, tsaya kutupa ngati papaya, ndiye anatuma mlongo wake kuti adzandiuze kuti kulibe ulendo. Mlongo wakeyo, Abiti Jafali, anali atangobwera kuchokera kuno ku Nkaya kudzam'dwazika. Nditangomuona akutsetsereka padoko, ndinatukumula chifuwa. Ndinanena kuti palibe kanthu, nditsika ndekha popanda chingwe.

"Chingwe n'chovuta chiyani, achimwene?" anatero. "Mbuzi ya amalume ndimakoka tsiku ndi tsiku, ndipo ili ndi makani kuposa inu."

Asodzi anakuwa kuti mkazi m'bwato ndi minyama, iye osawayang'ana n'komwe, anakwinya chitenje n'kukhala. Tili pakati pa mtsinje ndinam'fotokozera: "Muziimba, achemwali. Nyimbo ikatha, mukoke."

"Nyimbo iliyonse?"

"Iliyonse."

Pakamwa pangapa! Ndinatsika, madzi ananditseka pamutu, ndipo ndinamva nkhafi ikugunda pansi pa bwato, du, du, du, kenako mawu ake akutsika ndi chingwe mpaka m'chiuno mwanga, nyimbo ya m'Chiyao yoyambira pansi ngati njiwa n'kukwera. Inali nyimbo ya pamtondo. Inu ana a chigayo simungadziwe, ndiye ndikuuzeni: nyimbo ya pamtondo siitha chifukwa mawu atha, iyayi, imatha chimanga chikakonoka. Mayi amangowonjezera, akatha za apongozi ayamba za mwamuna waulesi, akatha zimenezo ayamba za mvula, mpaka gaga atachoka. Ndiye m'bwato muja munali chimanga? Munalibe ngakhale njere imodzi. Mukumva?

Poyamba sindinadandaule, ndinabaya chambo changa chonenepa bwino, n'kukhala pamwala kudikira kuti akoke, koma nyimbo inkangopita, ndiye ndinati ine Katumbu ndivuuke ndekha pamaso pa namwali ameneyu, achule akandilirire padoko, bola kufa, ndipo ndinakhala, ndinakhalabe, mpaka chambo chija chinapola bala n'kundipempha njira, mpaka matemba anandizolowera n'kumabisala m'khwapa mwanga kambalame kakadutsa, mpaka ndevu zinamera n'kufika pamchombo, makumba n'kuikiramo mazira, ndipo mazirawo anaswa ine ndikuona, ana n'kukula, n'kukwatirana, ena mwa makumba amene mumadya lerowa anabadwira pachibwano panga pano. Gwira, iwe, gwira umve mmene palili poterera. Mukumva? Mvuu inabwera usana wina n'kundinunkhiza, inaona kuti ndine munthu wokhazikika, n'kundisiyira mwana wake kuti ndim'yang'anire iyo ikukadya chimanga cha anthu. Ng'ona zinkandilambalala mwaulemu, chifukwa ng'ona imadya munthu wothawa, wongokhala phee atapinda miyendo imam'yesa mwini malo. Njala ikandigwira ndinkakumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, tulo tikandigwira ndinkatsamira mwana wa mvuu uja, Lamulungu ndinkalidziwa pomva belu likulira patali, ndinkagwada pamchenga pompo, ndipo nthawi yonseyo pamwamba du, du, du, mawu aja osasasa, osapumira.

Ndiye kunabwera mlamba. Musandiuze za milamba ya pamsika wa Balaka yopinda ngati lamba wa thalauza. Uyu ndinayamba kuona ndevu zake m'mawa, mutu unafika masana, mchira sindinauone mpaka lero. Pamsana pake panamera bango, m'bangomo mbalame zinamanga zisa, ndipo pamphumi pake panali nangula wa sitima za pamadzi za azungu akale, atachita dzimbiri, iye n'kumayenda naye ngati chipewa. Anabwera chifukwa cha nyimbo. Anaima pansi pa bwato n'kutsegula kukamwa kuti ameze woimbayo pamodzi ndi bwato lomwe, azikamuimbira m'mimba. Apo ndiye magazi anga anawira. Ndinakoka mphira mpaka kuseri kwa khutu, n'kulasa pakati pa maso, chitsulo cha bedi chija n'kulowa chonse, ine n'kugwira nangula, ndipo chinyamacho chinanyamuka nane, chingwe n'kukoka bwato, bwato n'kumauluka pamwamba pa madzi, namwali uja osaphonya ngakhale kugunda kumodzi, tinakwera mtsinje mpaka m'nyanja ya Malombe, tinaizungulira mpaka madzi anachita thovu ngati thobwa, asodzi a kumeneko n'kumatola usipa m'mitengo, tinabwerera chothamanga moti Shire anasokonezeka n'kuyamba kuyenda chobwerera, amayi ochapa ku Liwonde n'kulandiranso sopo amene anakokoloka chaka chatha, tinadutsa pansi pa mlatho wa sitima, sitima ili pamwamba, ndipo woyendetsa anandiona, anandizindikira, anaimba huta, n'kukandinenera kwa kapitawo kuti Katumbu sakudwala, akukwera nsomba. Mukumva? Mlamba uja atatopa anadziponya kumtunda, ndipo madzi anatsika nthawi yomweyo ndi msinkhu wa munthu, magetsi n'kuzima ku Blantyre konse. Kafunseni akuluakulu a kumeneko ngati magetsi sanazimepo. Mafuta ake anthu anayatsira nyale kuyambira Nselema mpaka Utale, ndipo nthiti yake imodzi inakhala mlatho wa pakhwawa mpaka chiswe chinaidya.

Koma ine sindinatuluke naye. Ndinasiya nangula n'kutsalira m'madzi, chifukwa nyimbo inali isanathe.

Apa ndiye mverani bwino, chifukwa apa sindiseka. Ndili pansi paja, chifuwa chikuyaka, maso akuchita mdima, ndinaleka kuganiza za achule ndi manyazi. Ndinangofuna kumva mmene nyimboyo ithere. Mawu a mkazi ameneyo m'madzi sanali ngati kumtunda. Sankalowera m'makutu, ankalowera m'nthiti. Ndinati ngati kufa kuli chonchi, palibe chovuta.

Kenako du, du uja analeka, nyimbo inadukira pakati pa liwu, chingwe chinandikoka mwankhanza, ndipo ndinapezeka ndili m'bwato chagada ngati thumba la mchere lonyowa, namwali ali pamwamba panga, misozi ili mbwee, manja atasupuka ndi chingwe.

"Walahi, ndinu chitsiru cha munthu," anatero. "Mukanafa chifukwa cha nyimbo?"

"Simunamalize," ndinatero ine.

"Ndipo sindidzamaliza."

Chaka chisanathe ndinali mkamwini kuno ku Nkaya, kwawo kwa mkazi, kumene madzi akuya kwambiri ndi a mu mgolo. Katumbu kulima nandolo! Poyamba ndinkapitabe kumtsinje, kenako mwa apo ndi apo, kenako ana, kenako chifuwa, mkondo n'kusanduka chotokosera moto. Sindinadandaule kwambiri, chifukwa mtsinje wanga unali m'nyumba. Akamakonola chimanga kuseri, ankayamba nyimbo ija, ine n'kusiya khasu, kubwera mwakachetechete kudzaima pakona, koma akangoona chithunzithunzi changa ankadula pomwe paja. Ndinam'pempha ndili mnyamata, ndinam'pempha imvi zitamera. Yankho linali limodzi: "Ndikaimaliza mudzavuuka, bambo a Esinati, n'kundithawa. Khalani pansi pomwepo." Ndipo ndinakhala. Mukafuna kudziwa mpweya wautali umene ndinasungapo, ndi umenewo.

Dzinja la dzana mkazi wanga anandisiya. Anagona masana ngati wotopa, osadzukanso. Ndipo chimene chikundiwawa, anyamata, chimene chimandidzutsa n'kundikhazika pakhonde ngati wozunguzika, n'chakuti nyimbo ija yandithawa. Nkhope yake ndikuiona, fungo la mafuta ake likadali m'chitenje, koma nyimbo, ngakhale poyambira pake, yapita. Ndinayenda kufunsa amayi a m'mudzi muno, akuti ife timapita kuchigayo, agogo. Amene ankasinja naye onse ali kumanda. Yusufu naye anatsogola kalekale, ndipo iye ngakhale akanakhalapo akanaiwononga ndi mawu ake aja.

Ndiye ndinaganiza kuti chinthu umachifuna pamene unachisiya. Ndinayesa mu ndowa, ndinangomva chitsulo. Ndinayesa mu mgolo wa kuseri kwa nyumba, ndipo ndikulumbira, ndinamva du, du, du, patali, kutsala pang'ono kuti mawu ayambe, koma Esinati anandipeza miyendo ili m'mwamba n'kundisolola ngati chinangwa, akulira, akukalipa. Akuti, "Bambo, amene mukumvayo ndi mtima wanu, ndi kuthamanga kwa magazi kuja anakuuzani kuchipatala." Mwana wophunzira. Sadziwa kuti madzi a pamjigo alibe chikumbumtima. Nyimbo ija ili m'Shire, kumunsi pang'ono kwa mlatho wa sitima, pamwala umene ndinakhalapo.

Mwaleka kuseka tsopano. Iwe wa chipewa chofiira, ukuyang'ana pansi bwanji? Chabwino, pofuna kuti tisakangane, mlamba uja tingamuchepetseko. Tinene kuti anali ngati mkono wangawu, ndipo tinadya anthu atatu, Yusufu n'kumatafunira mbali imodzi. Za mango zija, mwina anali atapsa kale pamene ndinkatsika. Mwina pansi paja ndinangokhala nthawi yonena Atate Athu kawiri mosathamanga. Tengani mvuu, tengani nangula, tengani ndi magetsi a ku Blantyre omwe, ndakupatsani. Koma nyimbo ija musaikhudze. Inaimbidwa, ndinaimva ndi nthiti izi, ndipo sinathe.

Sindikufuna kukabaya kanthu. Onani, mkondo ndilibe. M'jumbomu muli chingwe chokha, chomwe chija, ndachisunga pansi pa mphasa kuti Esinati asamangire mbuzi. Ndikangolowa mpaka m'chiuno, ndiviike mutu, basi. Tikanyamuka tsopano tibwerako iye asanaweruke kumsika, ndipo akakufunsani mudzati nkhalamba inakunamizani, adzakhulupirira, amandidziwa.

Ndani akutembenuza njinga? Iweyo? Bwera nayo pafupi ndi mwalawu, mwendo sukweranso bwino. Koma tipangane pompano, mwana wanga. Tikafika, chingwe ugwira ndiwe, ndipo ukaona ndachedwa, usakoke msanga.