Madzi a M'nyanja a Apongozi Anga

Papita zaka zambiri, koma apongozi anga akandiona ndanyamula chigubu amayang'anabe kukhoma, mapewa awo n'kumagwedezeka. Sindinawafunsepo ngati amakhala akuseka kapena akupemphera.

Zinachitika zaka zija za mizere, pamene ukaona anthu afola pasitolo unkangoima kumbuyo kwawo, n'kufunsa pambuyo pake ngati kwabwera sopo kapena mafuta ophikira. Ine ndinkawotcherera zitseko ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, komboni ya ku Lusaka, ndipo ntchito inali itachepa kwambiri. Za ulendo wa ku chilumba cha Zanzibar sindikanalota n'komwe pakanapanda mlamu wanga Enelesi, mkulu wake wa mkazi wanga, amene anakwatiwa ndi dalaivala wa malole wa kumeneko. Iyeyo ndi amene anatitumizira matikiti kuti ine, mkazi wanga amake Misozi ndi ana athu awiri tikaone kumene amakhala.

Tisananyamuke, apongozi anapempha chinthu chimodzi chokha. Miyendo yawo inkatupa, ndipo wina kumpingo anawauza kuti madzi a m'nyanja yamchere amathandiza. Popeza iwo ndi ine sitilankhulana maso ndi maso, anauza mwana wawo ine ndili pomwepo kuti, "Uwauze apongozi anditungireko ndi manja awo." Ndinagwada n'kulonjeza.

Masabata awiri aja ndinadya nsomba zimene mayina ake sindiwadziwa mpaka pano, ndipo ndinalowa m'nyanja kufika m'mawondo (ku Kalingalinga ndinkanena kuti m'khosi). M'mawa wa tsiku lobwerera ndinatunga madzi a apongozi m'chigubu chachikasu. Amake Misozi nawo anadzaza madzi akumwa a paulendo m'chigubu china, chachikasunso, chifukwa zonse ziwiri tinapatsidwa ndi Enelesi.

Sitima ya pamadzi yochoka kuchilumbako kupita ku mzinda wa Dar inandichititsa manyazi. Ana ankasewera, mkazi wanga akudya mtedza, ine nditakumbatira chitsulo ndikubweza zonse zimene ndinadya masabata awiri. Titafika padoko ndinatsika ngati munthu wochokera kumowa. Katundu tinamuwerenga titakhala kale m'sitima ya pamtunda, mzinda utatsalira kumbuyo. Chigubu chinalipo chimodzi. Ndinatsegula pang'ono n'kunyambita chala. Anali madzi akumwa.

"Batate ba Misozi, chigubu china chili kuti?" anafunsa mkazi wanga.

"Chatsala mu sitima ya pamadzi ija."

"Chiti chamene chatsala?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinaona nkhope ya apongozi m'maganizo, ndipo pakamwa panga panayankha pokha kuti, "Cha madzi akumwa."

Anapuma mozama n'kunena kuti, "Bola. Chikanakhala cha amai, sembe mwabwerera wapansi."

Ndiye tangoganizani. Masiku awiri m'sitima yotentha, ana akulira ludzu, ife tikupempha madzi kwa anthu osawadziwa, pamene pansi pa mpando wanga pali chigubu chodzaza madzi abwinobwino chimene ine ndachiletsa ndekha. Misozi atachigwira ndinamukalipira kuti akufuna kupha agogo ake. (Mwanayo ndi mayi tsopano, koma nkhaniyi sanaikhululuke.)

Mpata ndinaupeza pamalire, masana a tsiku lachiwiri. Mkazi wanga anatenga ana kukafola mzere wa kuchimbudzi. Ndinkadziwa kuti Enelesi anatipatsa mchere ndi shuga, zonse zomangidwa m'mapepala apulasitiki opanda zolemba n'kuzibisa pakati pa zovala za ana. Ndinapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa phukusi loyera mbee. Shuga amene ndinkamudziwa ine anali wofiirira, choncho sindinakayike. Ndinakhuthulira lonse m'chigubu, n'kuthiramo kamchenga kochokera m'thumba la zigoba za nkhono zimene ana anatola, kuti zioneke zenizeni. Bambo wina wachipewa amene anakhala moyang'anana nane ankandiona ndikukhutchumula chigubucho. Ndinamuuza kuti ndi mankhwala. Anagwedeza mutu n'kusendera kutali. Kulawa sindinalawe, chifukwa ndinamva mawu a ana akubwera.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Kapiri, kumene sitima imathera, ndi m'basi mpaka ku Lusaka, ndinali munthu wosangalala. Ndinkadziona ngati wochenjera kwambiri.

Tinafika ku Kalingalinga dzuwa likupendeka. Sindinkadziwa kuti apongozi anali atalengeza kumpingo. Pansi pa mtengo wa mango panali amayi asanu ndi mmodzi atakhala pamphasa, aliyense ndi kabotolo kake. Anayimba nyimbo, wina anapemphera n'kunditchula dzina kuti ndine mkamwini wosowa masiku ano. Ndinatsitsa mutu modzichepetsa.

Mkazi wanga anathira theka la madziwo m'beseni, apongozi n'kuviika miyendo. Anatseka maso. Anati akumva kale kupepukidwa. Atatulutsa miyendo kuti iume, anayesa kusuntha zala zakumapazi koma zinali zitamatana. Kenako kunabwera ntchentche. Patapita kanthawi kunabwera njuchi ziwiri, ndipo nyerere zinayamba kukwera pamphasa mumzere wowongoka, zolunjika pa chidendene cha apongozi. Ine ndinkangoyang'ana, osamvetsa chimene chikuchitika.

Bana Mulenga, mayi oyandikana nafe nyumba, amene sachita manyazi ndi chilichonse, anaviika chala m'kabotolo kawo n'kulawa. Analawanso.

"Ba neba," anatero akundiyang'ana, "iyi nyanja yanu ni ya bwanji? Inzuna monga tiyi."

Apanso munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine ndinamva mawu anga akunena kuti, "Kuja kuli minda ya nzimbe pafupi ndi nyanja. Mvula ikagwa, vonse vimatsikira m'madzi."

Amayi awiri anagwedeza mitu movomera, ndipo ndinayamba kuona ngati ndapulumuka. Koma amake Misozi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinamva zipi ya chikwama ikutseguka. Anatuluka atanyamula phukusi la mchere, lathunthu, losatsegula, n'kuliika pamphasa pakati pa anthu onse.

"Shuga wanga ali kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

Onse anayang'ana m'beseni.

Muyenera kumvetsa kuti pakomboni yathu shuga anali asanaoneke kwa miyezi. Anthu ankamwera tiyi maswiti, ena mbatata. Za bodza langa amayi aja sanadabwe kwenikweni, poti amuna awo amawadziwa. Chimene chinawaumitsa pakamwa chinali kuona shuga woyera, phukusi lathunthu, munthu atasambitsira miyendo. Bana Mulenga anagwira pachifuwa n'kuitana Mulungu m'chilankhulo chawo kuti, "Mwe Lesa," ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo.

Ndinafotokoza zonse nditagwada pafumbi: kusanza, doko, chigubu, malire. Nditafika pa za ludzu la ana, mkazi wanga anandiyang'ana mwa mtundu wina umene sindikufuna kuukumbukira.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto uku akuchotsa nyerere pamwendo imodziimodzi. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, osati kwa ine.

"Madzi atsalawo usefe mchenga ndi kansalu, uwiritse, uthire masamba a tiyi. Alendo asapite kukamwa kouma." Anawonjezera kuti, "Ndipo uwauze apongozi kuti akanangobwera chimanjamanja n'kunena kuti anaiwala, ine ndikanangoti pepani ndi ulendo. Miyendo ndakhala nayo zaka zisanu ikutupa. Sikanadabwa."

Tiyi uja anamwedwa. Ine anandipatsa womalizira, wa pansi pa poto, ndipo mchenga unkalira m'mano. Ndinamwa yense nditakhala pa njerwa kumbali. Sabata yonse yotsatira mkazi wanga ankandilankhula kudzera mwa Misozi, ngati nayenso wasanduka mpongozi wanga.

Abusa atamva nkhaniyi anandiitana n'kundifunsa chimene ndaphunzirapo. Ndinawayankha zimene ankafuna kumva, zoti bodza silipindula. Koma inu ndikuuzeni zoona. Nthawi zonse ndikaikumbukira, chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti phukusi la mchere linali pomwepo, pansi pa kabudula wa mwana, ndipo kunyambita chala kukananditengera kamphindi kochepa chabe.