Tsiku limene ndinagawa mipando ku msonkhano wa Tisa

Anzanga, mukaitanidwa kwa eni ake muzingokhala pansi. Ine ndinalephera.

Tisa ndi mdzukulu wanga, ndinamulera ndekha ku Sinda ngati mnyamata, dzina lina. Atapita kukoleji ku Katete anandiuza kuti mtima wake ndi wachikazi kuyambira kale, dzina ndi Tisa. Zinanditengera nyengo ziwiri za mvula kuti lilime lizolowere. Ndiye iye ndi anzake apasukulu anakonza msonkhano wothandiza anthu onga iye, nandipempha ndibwere, anzake aone kuti ali ndi kwawo. Anandichonderera chinthu chimodzi: "Ambuya, mukafika mungokhala pansi, musakonze kalikonse."

Ndinafika molawirira, iye atapita kukatenga mlendo wodzalankhula pamsonkhanowo. Kuyang'ana mu holo, anthu angokhala chisakanizo ngati mbewu zapamsika! Ine amene ndakhala ndikukhazika anthu kutchalitchi chibadwire amayi ake a Tisa, ndikanapirira bwanji? Ndinaima pakhomo, amuna kumanja, akazi kumanzere. Ana aulemu, amangomvera akumwetulira.

Poyamba zinayenda. Kenako wina wa buluku ndi ndolo ndinamutumiza kumanja, atalankhula ndinamubweza kumanzere, ataseka ndinamubwezanso. Anayenda katatu mwana wa eni, mpaka anandifunsa ngati angangonyamula mpando azitsata kumene ndaloza. Wina wa kabudula ndinamumanga chitenje changa chapadera ndikumulangiza za ulemu, osadziwa kuti ndi mphunzitsi wawo wamkulu. Mukuganiza ndinasiya? Ndinayamba kufunsa aliyense kuti ndi mwana wa yani.

Ndiye Tisa analowa. Anaona holo yang'ambika pakati ngati pamaliro, aphunzitsi ali m'chitenje changa, ine ndili pakhomo dzanja lili m'mwamba. Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita: anthu anasonkhana chifukwa chotopa ndi kulozeredwa pokhala, ine n'kubwera kudzawalozera. Ndipo onse amadikira kuti mdzukulu wangayo ndimuloza kuti.

Ndinati, "Tisa mwanawe, waimiranji? Malo ako ndakusungira uku kwa amayi anzako. Enanu khalani kumene mukudziwa nokha, ine maso akalamba."

Kuseka ndi m'manja, mipando kukwekwereza, aliyense kubwerera kumene mtima wake ukufuna. Tisa anandikumbatira nandinong'oneza kuti tikambirana kunyumba, koma akuseka.

Fumbi litatsika, mpando wotsala unali umodzi, pakati pa anyamata awiri andevu, mbali imene ndinati ya amuna. Ndinakhala pamenepo mpaka madzulo, ine mayi wa Chigwirizano cha amayi akutchalitchi, wina n'kundifunsa mwaulemu ngati ndili mbali yoyenera.

Chitenje aphunzitsi anapita nacho, akuti chinawakhala. Kuyambira tsikulo, ngakhale kutchalitchi munthu akandifunsa pokhala, ndimayang'ana kudenga ngati ndikupemphera.