Malamulo a M'kalasi ya a Kadamsana

Aliyense amene anadutsa pasukulu ya sekondale ija akukumbukira kuti a Kadamsana sankatsegula chaka ndi moni. Ankatsegula ndi kutha kwa dziko. Aphunzitsi ena tsiku loyamba ankafunsa ana mmene tchuthi chayendera, koma iwo ankalowa m'chipinda cha sayansi ya zakuthambo atavala jekete lakuda ndi magalasi akuda, n'kulamula kuti makatani onse atsekedwe, kenako n'kuima njo mpaka kalasi yonse iti zii. Dzina lawolo linachokera pamenepo: akangolowa, masana kunkada.

"Dzuwa mwalisiya panjalo likufa," ankayamba choncho, ndi mawu ochokera pansi pa mimba. "Tsiku lina lidzatupa, lidzaphwetsa madzi onse, lidzawotcha dziko lino pamodzi ndi bwalo lanu la mpira. Nthawi yatsala yochepa. Ndiye m'kalasi mwanga munthu sachedwa."

Chaka china mnyamata wolimba mtima anafunsa kuti zimenezi zichitika liti.

"Zaka mabiliyoni asanu zikubwerazi."

"Aa, ndiye ndi kutalitu, aphunzitsi."

"Onse amene ananenapo choncho anamwalira. Khala pansi."

Pepala la malamulo linkagawidwa ndi mayi a kulabu ya sayansi, mayi wamfupi wosachuluka mawu, amene ntchito yawo inali kusunga makiyi, kupukuta telesikopu yoonera nyenyezi ndi kukonza zipangizo. Iwowa ankaima pakona n'kumaona nkhope za ana zikugwa pamene malamulo ankawerengedwa. M'kalasimo munalibe mayina, aliyense ankapatsidwa nambala ndi mpando, ndipo mpandowo unali wake chaka chonse. Kusuntha desiki, ngakhale pang'ono chabe, unali mlandu, chifukwa pulaneti ikasiya njira yake kumagwa maliro. Kukweza dzanja kunali koletsedwa. Wofuna kulankhula ankagogoda desiki kawiri n'kutchula nambala yake. Ntchito ya kunyumba sinkaperekedwa m'makope, mwiniwake ankaimirira n'kuiwerenga mokweza. Chikwama chikapezeka panjira ya pakati, mwiniwake ankauzidwa za miyala imene imayendayenda kuthambo popanda mwini, ndi zimene imachita ikakumana ndi dziko. Ndipo chitseko chikatsekedwa chinali chatsekedwa.

Bambo wina anabwera kudzadandaula, atavala tayi kuti amveke bwino.

"Mwana wanga ali ndi dzina. Ndinamutcha ndine."

"Nyenyezi zambiri kumwambaku zili ndi nambala basi," anayankha a Kadamsana, "ndipo palibe imene inatumapo bambo wake kuno."

Bamboyo anatuluka akuyang'ana kudenga ngati chilipo chimugwere.

Lamulo lalikulu kuposa onse linali la telesikopu. Wolozetsa chipangizocho kudzuwa ankachotsedwa m'kalasimo tsiku lomwelo. Pofuna kuti zimveke, ankatulutsa ana panja masana, mayi a kulabu n'kulozetsa telesikopu kudzuwa, iwo n'kuika pepala pamene munthu amaika diso. Posakhalitsa pepala lija linkayamba kufuka utsi.

"Mukumva fungolo? Limenelo ndi diso lako, nambala 9."

Nambala 9 anatha sabata yathunthu akuyenda choweramira.

Ana ankati munthuyu ndi wankhanza. Aphunzitsi anzawo ankati mabuku anawasokoneza mutu. Koma mayi a kulabu ankadziwa chimene malamulo onsewa ankabisa: a Kadamsana sankaona. Diso lamanja analiwotcha okha ali mnyamata, poyang'ana dzuwa pagalasi. Lamanzere linakhala likuzima pang'onopang'ono mpaka linangotsala lozindikira kuwala ndi mdima. Mayiwa anazitulukira masana ena atawapeza m'chipinda mopanda ana, akukalipira gawuni loyera limene linapachikidwa pamsomali.

"Belu lalira kalekale! Ukudikira chiyani pamenepo?"

"Aphunzitsi, ndi gawuni langa limenelo."

A Kadamsana anatembenukira kumene kunachokera mawuwo.

"Ndiye liuzeni lipite kukalasi kwake."

Anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pansi. Mawu aja ochokera pansi pa mimba anasowa.

"Mayi, mukakanena ku ofesi, ndatha. Andipumitsa. Mkazi wanga anatsogola, ana ndilibe. Kunyumba kulibe munthu woti ndizimuopseza."

Mayi a kulabu anamva chisoni chimene sanayembekezere, ndipo kuyambira tsiku limenelo analowa m'chiwembu. Ankalemba pabolodi ana asanalowe. Pa nthawi yopuma ankawawerengera mayankho a mayeso, iwo n'kumagamula ngati woweruza milandu. Mlendo akayandikira chitseko, mayiwa ankagwedeza makiyi kamodzi, akakhala ahedi kawiri. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankapita kuntchito mtima uli m'mwamba, akudziwa kuti chidebe chimodzi choiwalika panjira chikhoza kugwetsa zonse.

Ahedi akale sanali vuto. Ankaopa chipindacho kuyambira tsiku limene anauzidwa kuti chitsulo cha m'magazi mwawo chinachokera m'nyenyezi yakufa. Vuto linabwera ndi ahedi atsopano, bambo wadazi lonyezimira, wokonda kakope kam'thumba ndi nsapato zamphira zosamveka poyenda. Munthu unkangozindikira ali kumbuyo kwako, akulemba. Sankakalipa, ndipo zimenezo n'zimene zinkaopsa.

"Mayi," anafunsa tsiku lina m'khonde, "bwanji zolemba za pabolodi m'chipinda chija ndi dzanja lanu?"

"Choko chimawatsokomoletsa, bwana."

"Nanga magalasi akuda m'chipinda chamdima?"

"Ndi mmene amavalira anthu a zakuthambo, bwana."

Ahedi anangoti "Oho," n'kulemba kenakake m'kakope kaja. Mayi a kulabu sanachedwe. Anakachenjeza a Kadamsana, koma iwo anangoti munthu wadazi sangawaopse pamene akudziwa za milalang'amba imene ikubwera kudzawombana ndi wathu.

Tsikulo linafika Lachinayi lina, kunja kutachita mitambo. Belu litatsala pang'ono kulira, ahedi anatuma mayi a kulabu ku ofesi kukatenga kaundula wa mayina. Mayiwa anapita chothamanga, koma kaundulayo sanapezeke msanga, ndipo pobwerera anapeza chitseko chatsekedwa. Anasuzumira pa kagalasi ka pachitseko. Ahedi anali atalowa pamodzi ndi ana, ndipo anakhala phee pampando wa nambala 14, mtsikana amene sanabwere tsikulo chifukwa chodwala.

Anagwedeza makiyi kawiri. Anagwedezanso mwamphamvu. Koma a Kadamsana anali pakati pofotokoza za mwala waukulu ngati phiri umene ukhoza kutigwera Lachinayi lililonse, ndipo akafika pamenepo sankamva kanthu.

"Nambala 14! Imirira, werenga ntchito yako."

Kalasi inati zii. Ahedi sanasunthe.

"Nambala 14, wagontha?"

Pamenepo mtsikana wa nambala 20, amene ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa ahedi, anagogoda desiki kawiri, n'kuchepetsa mawu ake kuti afanane ndi a mnzake.

"Nambala 14, aphunzitsi. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umangobwereka kwa..."

"Ima! Mawu ako akuchokera kumbuyo. Wasuntha desiki."

"Ayi, aphunzitsi."

"Wasuntha!"

Anatsika kutsogolo kuja, mapazi akuwerenga njira imene ankaidziwa pamtima, n'kudzaima pa desiki ya nambala 14. Anatambasula dzanja kuti agwire wolakwayo pamutu. Dzanja linatera pa dazi. Linayendapo pang'ono, uku ndi uku, ngati likufuna pogwira.

"Nambala 14, tsitsi lako lapita kuti?"

Panalibe mwana ngakhale mmodzi amene anaseka. Kunja kwa chitseko, mayi a kulabu anagwira pakamwa.

"Ndine, aphunzitsi," anatero ahedi motsitsa.

A Kadamsana anachotsa dzanja lawo mosafulumira n'kuliika m'thumba la jekete.

"Ahedi, mwakhala pamalo osakhala anu. M'kalasi muno umenewo ndi mlandu."

Anabwerera kutsogolo n'kumaliza phunziro lonse mpaka belu, mawu osanjenjemera. Mwala uja anaugwetsa ndithu, ndipo sanasiye wopulumuka.

Pakutha pa teremu anawapumitsa mwaulemu wonse. Panali zolankhula, panali kuwomba m'manja, ndipo sukulu inawapatsa mphatso ya wotchi yapakhoma yokongola kwambiri kuiona. Mayi a kulabu ankapita kukawazonda Loweruka. Ankawapeza atakhala pakhonde, jekete lili pathupi, ndipo ankayesetsa kuwaopseza mayiwo ndi nkhani za nyenyezi zophulika, koma munthu mmodzi sakwana kalasi. Miyezi isanu ndi itatu isanathe, anapita.

Pamaliro panadzaza anthu amene mayi a kulabu ankawadziwa ndi manambala okha, ena atanyamula kale makanda. Mtsikana wa nambala 20 anadzakhala pafupi nawo, maso atatupa.

"Mayi, ndinalakwitsa ndine. Ndikanasendeza mutu kutsogolo pang'ono, sakanazindikira."

"Iwe unkangobisa kujomba kwa mnzako, mwanangu. Sunkadziwa."

Mtsikanayo anawayang'ana modabwa.

"Tinkadziwatu, mayi. Tonse. Sabata yoyamba akuluakulu a makalasi apamwamba ankatiitanira kuseri kwa labu n'kutiuza kuti aphunzitsi aja saona, ndipo wokanena kwa aliyense, ngakhale kwa makolo ake, aona zakuda. M'mawa uliwonse tinkalowera pawindo n'kuyeza madesiki ndi lula inu musanafike."

Mayi a kulabu analira pamenepo kuposa mmene analirira pakhomo pa malirowo. Zaka zonse zija ankaganiza kuti katunduyo akusenza okha.

Masiku ano chipinda chija n'chowala. Anabwera mphunzitsi wachinyamata, wansangala, amene amaitana ana ndi mayina awo ndipo malamulo ake ndi mizere itatu yokha, uliwonse woyamba ndi mawu akuti chonde. Ana amalowa akucheza, ena amagona ndithu, ndipo masana amatalika ngati sadzatha. Mayi a kulabu amagwira ntchito yawo mtima uli m'malo, koma mtenderewo sawukonda, ndipo amanena poyera kuti amawasowa mkulu uja.

Tsiku lina mphunzitsi watsopanoyo anawafunsa uku akufufuta pabolodi.

"Mayi, ndamva kuti amene analipo kale muno ana ankawaopa koopsa. N'zoona?"

"Ankawaopa, eya," anatero mayi a kulabu. "Ana oposa mazana atatu anadutsa muno akunjenjemera. Ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anawapereka."